Bambo wa Suti Yabulauni

Ine ntchito yanga ndi yotumiza anthu kunja. Ndimagula matikiti a ndege, kusungitsa zipinda m'mahotela a m'mizinda imene sindinapondemo, kenako madzulo n'kukwera minibasi kubwerera kwathu ku Kawale. Dzina langa ndine Lizzie, ndipo ndakhala pa desiki yapakhomo ya kampani yathu ku City Centre nthawi yokwanira kudziwa amene amabwerako ku ulendo ndi chokoleti cha anzake ndi amene amabwerako ndi madandaulo okhaokha. Mwa onse amene ndawatumiza, Sellah Mkanda ndiye amandibwerera m'maganizo ndikakhala ndekha. Nkhani yake imandiwawa, ndipo nthawi zina imandiopsa.

Kampani yathu imagulitsa pulogalamu ya pakompyuta yojambulira mapulani a nyumba. Munthu amajambula makoma, denga ndi mazenera, ndipo kompyuta imamuonetsa nyumbayo itaima ngati yamangidwa kale: kapinga wobiriwira, magalasi akuwala, fumbi la mu Okutobala osaoneka ndi pang'ono pomwe. Pulogalamuyo anaipanga anthu akunja. Ife timangoigulitsa kuno ndi m'mayiko oyandikana nafe, n'kumaphunzitsa akatswiri ojambula mapulani kagwiritsidwe kake. Mphunzitsi wathu ndi Sellah. Ndi mtsikana wamfupi, woonda, wa mawu apansi, ndipo matenda ake aakulu ndi kusadziwa kukana. Abwana athu a Richard akangosuzumira pakhomo n'kunena kuti "Lusaka, Lolemba," iye amangoyankha kuti "Chabwino abwana," ngakhale zovala za ulendo wapitawo zisanaume pachingwe.

Anthu amaona ngati kukwera ndege n'kudya bwino. Akanamuona Sellah akubwerako, mapazi atatupa, mawu atasasa chifukwa cholankhula sabata yathunthu m'chipinda chozizira cha hotela, pamaso pa azibambo amene amayamba ndi kufunsa kuti mphunzitsi weniweni afika nthawi yanji. Mizinda imene ankapitako sankaidziwa n'komwe. Ankadziwa mabwalo a ndege, mipando yake yolimba, ndi kakona kamene kali ndi soketi yotchajira laputopu. M'sutikesi mwake simunkasowa chitenje chofunda podikira ndege, ndi kathumba ka mtedza wokazinga kochokera kwa mayi ake.

Kwawo ndi mudzi wina kupitirira Likuni. Bambo ake, a Japhet, anali mlonda panyumba ina ku Area 15 kuyambira iye asanabadwe, ndipo ankapalasa njinga tsiku ndi tsiku, kaya mvula kaya dzuwa. Mwanayo anamuphunzitsa sukulu ndi ntchito yotsegula ndi kutseka geti. Anali munthu wamtali, woseka ndi thupi lonse, mkulu wa mpingo, ndipo akabwera kuofesi kudzaona mwana wawo ankandipatsa moni wa manja awiri ngati mwini kampani ndine. Ndinkawakonda, sindibisa.

Zonse zinayamba ndi dandaulo la makasitomala. M'pulogalamu muja mumakhala tithunzi ta anthu timene wojambula amaika pakhomo kapena pamasitepe, kuti woona adziwe kukula kwa nyumbayo komanso kuti ioneke ya moyo. Vuto linali lakuti anthu onsewo anali azungu. Munthu wajambula msika woti umangidwe ku Mchesi, koma pakati pake pakuyenda dona wa jekete lachisanu, akukoka kagalu pachingwe. Sellah ndiye anabwera ndi nzeru yoti tijambule anthu athu. Loweruka lina tinapachika nsalu yobiriwira pakhoma la ofesi n'kuitana aliyense amene tinamupeza: mayi wobereka mwana, wogulitsa nthochi wa pansi pa ofesi yathu, mkulu wina wa kabaza ndi njinga yake yomwe. Ine ndinalola kujambulidwa chakumbuyo basi. Nkhope yanga si yogawira anthu osawadziwa.

A Japhet nawo anabwera. Mwana wawo anali atawauza kuti avale yunifolomu ya ulonda, koma iwo anatulukira atavala suti yawo yabulauni ya kutchalitchi, nsapato zitapukutidwa mpaka kunyezimira.

"Bambo, ine ndimafuna mlonda wapageti," anatero Sellah.

"Pageti ndaimapo mokwanira, mayi," anayankha a Japhet uku akukonza tayi. "M'nyumba zanu zabodzazo mundilowetse pakhomo lakutsogolo. Abwana, tandibwerekani chikwama chanucho."

A Richard anaseka mpaka misozi, n'kuwapatsa chikwama chawo chachikopa. Chithunzi chinatuluka chokongola zedi: bambo wa imvi pang'ono, phazi limodzi lili kutsogolo, nkhope itacheukira pambali ngati wamva wina akumuitana. Sellah anachotsa nsalu yobiriwira ija pakompyuta, bamboyo n'kutsala yekha, woti ukhoza kumuika paliponse. Fayiloyo anaitcha "bambo wa suti".

Anthu athu aja anatigulitsira pulogalamu kuposa otsatsa malonda onse amene tinawalembapo ntchito. Ulendo uliwonse Sellah ankawagawa ulere pa fulashi kwa aliyense wobwera kumaphunziro, ndipo mwa onsewo wokondedwa kwambiri anali bambo wa suti. Ankaoneka wolemekezeka, munthu woti banki ingamukhulupirire osamufunsa zambiri. Chaka chisanathe a Japhet anali pa zikwangwani zotchinga malo omanga mu Lilongwe monse: akulowa m'hotela ku Area 2, akutsika masitepe a maofesi ku City Centre, ataima pakhonde la nyumba zogulitsa ku Area 43. A Japhet eni akewo zinkawasangalatsa koopsa. Akaweruka ankazungulira dala ndi njinga, kutenga alonda anzawo kukawaonetsa. "Hotela yanga iyo," ankatero. "Ikatha mudzabwere, tiyi ndi waulere."

Anamwalira mu Novembala, Sellah ali ku Nairobi. Anagwa pageti pomwepo masana, ndipo kuchipatala sanakhalitseko. Foni ya Sellah inali yozimitsa chifukwa anali m'kalasi, choncho amalume ake, a Lawford, anaimba pa desiki yanga. Ndinalimbana ndi a ndege mpaka kutukwana, ine munthu wopemphera, koma mpando unapezeka mochedwa. Sellah anafika kumudzi tsiku loika maliro, kuchokera kubwalo la ndege osadzera kunyumba, bokosi litatsekedwa kale. Anatsika m'takisi ndi sutikesi ya mateyala, kapepala ka ndege kakulendewera kuchogwirira, ndipo ndinaona amayi a pasiwa akuyang'ana sutikesiyo nthawi yaitali kuposa mmene anayang'anira mwini wake. Sellah sanalire mokweza. Anangokhala duu, ndipo nazonso anthu anaziona.

Atabwerera kuntchito, nyumba yachitsanzo imene amaphunzitsira inali momwemo, a Japhet ali pakhomo pake. Ndinkaganiza kuti awachotsa, koma ayi. M'mawa wina ndikumubweretsera tikiti ndinamumva akunong'ona poyatsa kompyuta, "Mwadzuka bwanji, Bambo." Ndinabwerera chambuyo osagogoda. Masiku amenewo chithunzicho chinkamutonthoza, ndipo ine sindinaone cholakwika. Chaka chitangoyamba a Richard anamukweza pantchito, kampani n'kumupatsa kagalimoto koyendera. Zinamuyenera, palibe angatsutse. Koma ine ndinakulira kumudzi, ndipo nditaona makiyi aja m'manja mwake ndinadziwa kuti anthu alankhula.

Mayi ake, a Nachisale, sakonda kubwera m'tauni. Tsiku lina m'nyengo yokolola anabwera ku Area 2 kudzagula nsalu kumasitolo a amwenye. Atangotsika minibasi anakweza maso, n'kuona amuna awo. Za zithunzizo ankadziwa, malemuwo ankazikamba mpaka kutopetsa. Koma iwo ankaganiza kuti mwini wake akapita, zinthu zotere zimachotsedwa, monga mmene zovala zinagawidwira, njinga n'kupita kwa mphwawo. Ndiponso chikwangwanichi chinali chatsopano, utoto wake wowala, pamalo pamene chaka chatha panali garaja. A Japhet anali kulowa m'nyumba imene ali moyo sanaimvepo n'komwe. Mayiwo anakhala pansi m'mphepete mwa msewu, a kabaza n'kumawalambalala, ndipo anabwerera kumudzi osagula kanthu.

Sabata isanathe nkhani inali m'kamwam'kamwa. Inu mukudziwa mmene anthu amalumikizira zinthu zotere. Mwana wamkazi woyenda pandege, bambo wagwa mwadzidzidzi iye ali kunja, pamaliro misozi palibe, kenako galimoto, ndiye pano malemuyo akuoneka m'tauni atanyamula chikwama, akugwirira ntchito kampani ya mwana wake. Anati Sellah anakhwima. Anati anapha bambo ake n'kuwasandutsa ndondocha, kungoti ndondocha zamakono sazibisanso kuchipinda, amaziika m'kompyuta. Nditamva ndinapsa mtima, poti anthu omwewo ndi amene ankamutuma kuti awagulire mafoni ku Nairobi. Koma madzulo amenewo, nditafika pa chikwangwani cha pafupi ndi siteji yathu ya minibasi, ndinawoloka msewu n'kuyenda mbali inayo.

A Nachisale sananenepo ndi pakamwa pawo kuti akukhulupirira zimenezo. Chimene anachita chinaposa kunena. Shuga, sopo ndi mafuta zimene Sellah ankapititsa zinayamba kuunjikana pakona, zosatsegula. Mtedza wa paulendo unasiya kubwera. Sellah atapita kukafunsa anawapeza atakhala pamphasa, a Lawford ali pampando pambali pawo, ndipo zimene anamuuza anandifotokozera Lolemba lake m'kakhitchini ka ofesi, ketulo ikuwira.

"Akuti amawalota, Lizzie. Akuti amabwera atavala suti ija, mapazi ali mbuu ndi fumbi, n'kumati, 'Nachisale, miyendo ikundiwawa, ndatopa kuima.' Ndiye andiuza kuti chiliza timanga mu Seputembala. Akuti, 'Abambo ako uwatsitse konse kumene unawapachika, agone ngati anzawo. Ukalephera, pa chilizapo usabwere.'"

"Ndiye iwe wati chiyani?"

"Ndati chabwino."

Ndinati ndimugwedeze mapewa. Chabwino wake yemwe uja.

Kenako Sellah anakapempha abwana kuti chithunzi cha bambo ake chichotsedwe. A Richard anabadwira ku Area 10, ndipo za kumudzi amazimvera pawailesi. "Koma Sellah, ndi chithunzi chabe," anatero atagwira m'chiuno. "Komanso mdala uja ndi amene amatigulitsira, eti?" Sellah anangowayang'ana. Aka kanali koyamba kumuona ataima m'ofesi mwa abwana osavomera, ndipo abwanawo ndi amene anagwetsa maso. "Oke, dilitani pa seva, nkhani ithe."

Pa seva yathu a Japhet anachoka m'kuphethira kwa diso, koma nkhani sinathe. Fayilo ija inali itakopedwa m'makompyuta a aliyense amene anakhalapo m'kalasi ya Sellah, ndi a anzawo, ndi a anzawo a anzawowo. Anayamba ndi Lilongwe. Akaweruka ankayenda ofesi ndi ofesi, ku Area 3, ku Area 4, ku Area 47, kupempha ojambula mapulani kuti achotse bambo ake. Ena ankaseka, kumuuza kuti munthu wophunzira ngati iye asamamvere za kumudzi. Ena, makamaka amene anaikapo maliro a kholo lawo, sankamudikira n'kumaliza komwe. Ankatsegula kompyuta pomwepo iye akuona. Zikwangwani ndizo zinavuta, chifukwa palibe ankafuna kusindikizanso chonse kaamba ka munthu mmodzi. Ambiri anangomata kachithunzi kena pamwamba. Ku Area 2 a Japhet anasanduka mtengo wa kanjedza. Ku Area 43 anasanduka mtsuko wa maluwa waukulu modabwitsa, nsonga ya nsapato ikusuzumira pansi pake.

Kenako anayamba kundipempha maulendo. Munthu amene ndinkamumvera chisoni pomupatsa tikiti tsopano ankaima pa desiki yanga kufunsa ngati kuli kalasi ku Lusaka, ku Dar es Salaam, ku Kigali. Pomaliza maphunziro aliwonse ankaima kutsogolo n'kupempha kuti amene ali ndi bambo wa suti amuchotse, ndi bambo ake, anamwalira. Ku Lusaka kunamuchitikira zimene analephera kundiuza osapumira. Akuphunzitsa mmene amaikira anthu m'pulani, mkulu wina wa m'kalasimo, amene anali ndi fayilo yakale ndipo sankadziwa kanthu, anatulutsa a Japhet pa sikirini yaikulu yapakhoma. Anawakoka n'kuwakweza padenga, kuwatalikitsa mpaka kuposa nyumba, kenako kuwachulukitsa, mzere wathunthu wa a Japhet, onse atacheukira mbali imodzi. Kalasi yonse inaseka chikhakhali. Sellah anati m'mutu mwake munkangomveka mawu aja akuti miyendo ikundiwawa, ndipo anatuluka kukasanza.

Ku Kigali anawapeza pa mpanda wa chipatala chimene chikumangidwa, chojambulidwa ndi kampani imene iye sanaiphunzitsepo. Atafufuza anapeza kuti wina anaika anthu athu onse pa intaneti, poti aliyense atenge ulere. Pobwerera, m'ndege, anatulutsa magazini ya m'thumba la mpando kuti aiwaleko, ndipo pa tsamba lotsatsa nyumba za ku dziko limene sanapiteko anawaona ataima pakhonde, chikwama cha a Richard chili m'manja. Atandiuza zimenezi ndinakumbukira kuti nanenso ndili komweko, chakumbuyo, ndi diresi yanga yamaluwa, ndikuyenda m'misewu ya eni. Tsiku ndidzafe ine, mayi ameneyo adzangopitiriza ulendo wake. Tiyi ndinamusiya osamaliza.

Sellah anakhala pa mpando wa alendo, maso ali psuu.

"Lizzie, sangathe," anatero. "Ndikachotsa kuno, kwina akutulukira."

"Ndiye uwauze mayi ako kuti atha," ndinatero ine. "Adzakwera ndege liti kuti akaone? Za ku Kigali adzazidziwa bwanji? Nena kuti atha, ukaime pa chiliza cha bambo ako, basi."

Malangizo amenewo sindichita nawo manyazi. Ndikanakhala ine ndikananama, n'kugona tulo tabwino. Sellah anangoyang'ana pansi, n'kunena kuti ntchitoyi watopa nayo, chiliza chikatha asiya, akafune ya pamalo amodzi.

Mu Lilongwe a Japhet anatsala pamalo amodzi. Kuseri kwa mabanki ku City Centre kuli nyumba imene anaiyamba n'kuisiyira panjira: zipilala za simenti, zitsulo zadzimbiri zoloza kumwamba, udzu wofika m'chiuno. Mwini wake palibe ankadziwa kumene ali, choncho woti n'kumupempha panalibe. Pa mpanda wake panali chithunzi chachitali cha mmene nyumbayo ikanaonekera, ndipo a Japhet anali pamenepo msinkhu wawo weniweni, mapazi ali pafupi ndi nthaka. Mlonda wa pamalopo ankawadziwa, ankapalasa limodzi msewu wa Likuni. Sellah atamufotokozera, anavula chipewa n'kunena kuti Lamulungu masana iye amakhala kuseri, saona kanthu.

A Nachisale anati zomva safuna, akufuna aone ndi maso awo. Tinakawatenga pa depoti Lamulungu lomaliza chiliza chisanamangidwe, poti anali ataletsa kuti galimoto ya mwana wawo ifike kumudzi. Ngakhale apo anakhala kumbuyo, kunsonga kwa mpando, manja ali pamiyendo osakhudza chilichonse. Ine ndinanyamula chitini cha penti yoyera ndi bulashi. City Centre Lamulungu imakhala zii, maofesi otseka, mphepo ikungokankha masamba ouma m'malo oimika magalimoto. Tinkangomva mapazi athu okha.

Tinaima patsogolo pa a Japhet. Dzuwa linali litafufutsa nyumba ya pachithunziyo, kapinga atasanduka wotuwa, koma suti ija inali yabulauni ndithu, ndipo chifukwa cha kacheukidwe kaja ankaoneka ngati atimva tikubwera.

"Awa ndiwo omaliza?" anafunsa a Nachisale, osamuyang'ana mwana wawo.

Ndinamutsina Sellah pamkono.

"Mu Lilongwe muno, eya, Amayi," anatero. "Koma kunja aliko. Ku Kigali, ku Lusaka, ndi kwina kumene sindikudziwa. Ndinawagawa ndine, ndinkaona ngati ndikuwalemekeza. Ndayesetsa, Amayi, koma onse sindingathe kuwatolera. Ndikakuuzani kuti atha, ndinama."

Ndinatsala pang'ono kumuthira penti ija. A Nachisale anaika kachikwama kawo pansi n'kuyandikira chithunzicho, mpaka nkhope yawo inafika pachifuwa cha suti. Ku Area 2 kuja anangowaonera patali n'kuthawa, koma apa anawayang'ana bwinobwino, kuyambira kunsapato. Anakweza dzanja n'kuyamba kusisita kolala ya shati, pamene panali popindika pang'ono, kuyesa kupawongola ndi chala.

"Tsiku limenelo anachoka m'mamawa, sanalole n'komwe kuti ndiwasitire," anatero, ngati akulankhula okha. "Anati mwana wandiitana, ndichedwa."

Sellah anagwira pakamwa. Mayiwo anatembenuka, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire nkhaniyi anamuyang'ana m'maso.

"Wokhwima sanganene zimene wanenazi," anatero. "Tenga utotowo. Kuchipatala kuja ndinali ndekha powatseka maso, iwe kulibe. Yambira kumasoko."

Sellah anaviika bulashi. Bambo ake anali aatali, iye wamfupi, moti anachita kuima ndi zala zakumapazi. Penti inkatsikira m'mkono mpaka pachigongono. Atangopaka mzere umodzi pamaso paja, kulira kumene sikunatuluke pamaliro kunatulukira pamenepo, kokweza, kopanda manyazi, kukumveka m'zipilala za nyumba yosathayo. Mayi ake anamugwira m'chiuno kuti asagwe, ndipo anamaliza kupaka thupi lonselo ali chigwirire. Nanenso ndinalira chitini chili m'manja. Mlonda uja, amene anati saona kanthu, anali ataima patali chipewa chili pachifuwa.

Pobwerera ku galimoto Sellah anauza mayi ake kuti ntchito asiya.

"Usasiye," anatero a Nachisale. "Loweruka ubwere pa chiliza, udzaime pafupi ndi ine, amalume ako anene zimene anene. Koma ntchito usasiye. Unawamwaza ndiwe. Kulikonse kumene ukawapeze, uime, uwapatse moni, uwauze kuti kwawo tamanga, abwere adzagone. Winanso ndani angakawauze?"

Chiliza chinamangidwa. Sellah anaima pambali pa mayi ake, ndipo a Lawford anapemphera pemphero lalitali lotchula ana onse a malemu kupatula iye. Kumudzi ena anaisiya nkhani ija, ena akadali nayo, ndipo amenewo sadzaisiya.

Matikiti ndikumugulirabe. Ulendo umene ena onse aukana, wa ndege zosinthasintha, iye amautenga. Amafika m'mizinda ya eni, kuphunzitsa, ndipo akaweruka sakhalanso m'hotela. Amayenda wapansi m'misewu imene mukumangidwa nyumba, maso ali pa mipanda. Akawapeza bambo ake amaima, kupinda bondo pang'ono, n'kunena zimene anatumidwa, odutsa akumuyang'ana. Kenako amafunsa ofesi ya amene anajambula. Ena amachotsa, ena ayi.

Tsiku lina ndinamufunsa ngati sizimuopsa. Anati kuwapeza sikumuopsa, chimene chimamulemera ndi kubwerako. Akatsika ndege amayamba wapita kumudzi asanafike kwake, ndipo mayi ake amamulandira sutikesi, kumuyalira mphasa, osafunsa za ulendo kapena za ntchito. Amadikira kuti akhale pansi.

"Wawaona abambo ako?"

"Ndawaona, Amayi."

"Akadali chiimire?"

"Akadali chiimire, Amayi."